Mitengo Ikamangofa M'mapuloti Atsopano a ku Mzuzu: Yambani Ndi Chizindikiro

Chaka ndi chaka, nyengo yobzala mitengo ikatsegulidwa pa 15 Disembala, mbande zimayenda malonda m'manazale a mumzinda muno. Eni mapuloti atsopano ku Luwinga, Dunduzu, Nkhorongo ndi Msongwe amabzala ndi mtima wonse, mvula n'kumawathiririra mpaka Epulo. Koma pofika Novembala, m'maenje ambiri mumangotsala tindodo touma. Mukafunsa chachitika, yankho ndi lomwelomwelo: "Ndi chiswe," apo ayi, "dzuwa la chaka chino lanyanya."

Chiswe chilipodi, dzuwa nalo limawomba, koma mitengo yambiri imakhala itaphedwa kale pa tsiku lobzala, kapena tsiku limene buludoza inasalaza malowo. Mzuzu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,250, mvula ndi yambiri, ndipo mu Juni ndi Julayi tonse timavala majuzi. N'chifukwa chake anthu amaganiza kuti kuno mtengo umakula wokha. Unkakuladi wokha pamene pansi panali masamba owola a msuku. Puloti yatsopano ndi nkhani ina: dothi lapamwamba linakokedwa, katondo wotsalayo anatsenderedwa ndi magalimoto a mchenga, ndipo mpanda wa njerwa, malata ndi konkire zimatentha kwambiri mu Okutobala. Mbande imakumana ndi madzi ochuluka miyezi isanu, kenako ng'amba.

## Musanathirire, musanapopere

Chitani zinthu zitatu izi kaye, chifukwa zizindikiro zambiri zimafanana:

- Kandani khungwa la kanthambi ndi chikhadabo. Mkati mukakhala mobiriwira ndi monyowa, mtengo uli moyo.
- Kumbani masentimita 15 pambali pa mtengo, tapani dothi, lifinyeni m'manja. Likayoyoka ngati fumbi, kwauma. Likatuluka madzi kapena likanunkha, madzi achuluka.
- Fukulani patsinde ndi zala mpaka mupeze pamene mizu yoyamba yayambira. Malo amenewo ayenera kukhala pafupifupi pamwamba pa nthaka, osati pansi penipeni.

## Chizindikiro 1: Masamba akufota, chonsecho dothi ndi lonyowa

Ili ndiye vuto la Januwale mpaka Epulo, ndipo limapusitsa anthu ambiri. Munthu akaona masamba ali lende amathamangira ndowa, osadziwa kuti akumalizitsa mtengo. Mizu imapuma. Ikakhala m'madzi masiku angapo imawola, ndipo mtengo umafota ndi ludzu uli pakati pa madzi.

1. Madzi akudikha m'dzenje. Mukakumba dzenje mu katondo wotsendereka, makoma ake n'kusalala ndi khasu, kenako n'kuthiramo dothi lofewa ndi manyowa, mwaumba mtsuko. Mvula imalowa koma siituluka.
- *Onani:* kumbani dzenje lina pafupi, lidzazeni madzi madzulo. Ngati mawa lake nthawi yomweyo madzi akadalimo, malowo sakumwa madzi.
- *Konzani:* tsegulani kangalande kochokera m'dzenje kupita kumunsi. Mbande ikakhala yaing'ono, izuleni ndi dothi lake, muibzale pa kachulu kotalika masentimita 20 mpaka 30. Pokumba maenje ena, kulitsani m'mbali kuposa kuzamitsa, ndipo gumulani makoma ndi piki kuti asasalale.

2. Munazamitsa pobzala. Ena amati kuzamitsa n'kuteteza mtengo ku mphepo. Khungwa la thunthu silinapangidwe kuti likhale m'dothi lonyowa: limawola mozungulira, ndiye mtengo umafa pang'onopang'ono, mwina patapita chaka. Chotsani dothi lowonjezeralo mpaka mizu yoyamba ionekere. Auzeninso opalira kuti mtengo sabandira ngati mmene amachitira m'munda.

3. Chubu, kathumba ka pulasitiki kamene mbande imabweramo kuchokera ku nazale, sichinachotsedwe. Zimachitika kawirikawiri mukalemba aganyu n'kumawalipira pa dzenje. Amangong'amba kunsi, kapena kuponyamo momwemo. Fukulani muone. Mukapeza pulasitiki wakuda, m'chekeni ndi lumo kuchokera pamwamba mpaka pansi, mum'tulutse osagwedeza dothi la kumizu.

4. Manyowa osawola kapena feteleza wokhudza mizu. Zitosi za nkhuku zaziwisi zimatentha mizu pasanathe sabata. Zifukuleni, bwezeranimo dothi lokhalokha.

5. Matenda owoletsa mizu. Mapeyala ndiwo amagwidwa msanga pamalo a chinyontho. Mizu yabwino imakhala yoyera ndi yolimba. Yodwala imada, imafewa, ndipo khungu lake limavuka mukakoka. Ikafika pamenepa zulani, ndipo musabwezeremo peyala m'dzenje lomwelo. Pamalo a lowe, kufupi ndi dambo, bzalani katope kapena mwimbi, mitengo imene madzi ndi kwawo.

## Chizindikiro 2: Masamba akupsa m'mphepete kuyambira Seputembala

1. Kuthirira pang'onopang'ono tsiku lililonse. Kapu ya madzi m'mawa uliwonse imangonyowetsa fumbi. Mizu imakwera kutsata chinyezicho, dzuwa n'kuiwotcha. Thirani chigubu chathunthu cha malita 20 kamodzi kapena kawiri pa sabata, madzulo, modekha kuti alowe pansi. Umbani kamgula kozungulira mtengo kuti madzi asathawe, koma mvula ikayamba mukagumule, chifukwa chomwe chikupulumutsa mtengo mu Okutobala chikhoza kuupha mu Febuluwale.

2. Kapinga wafika mpaka patsinde. Udzu umamwa madzi mtengo usanalawe. Lambulani mita imodzi mozungulira, phimbirani ndi udzu wouma kapena masamba, mulu wokhuthala masentimita 5 mpaka 10. Siyani mpata wa chikhatho pakati pa zophimbirazo ndi thunthu.

3. Kutentha kochokera ku mpanda ndi konkire. Masamba akapsa mbali imodzi yokha, yang'anani chimene chili mbali imeneyo. Khoma loyang'ana kumadzulo limabweza dzuwa la masana onse. Ikani kamthunzi ka udzu kapena ka thumba mbali yopsayo, osakuta mtengo wonse. Ngati munayala konkire pabwalo n'kusiyira mtengo kabowo kongokwana thunthu, gumulani mpaka papezeke malo osachepera mita imodzi ndi theka mbali zonse.

4. Munabzala mochedwa. Nyengo yobzala imatsekedwa pa 15 Epulo, koma mbande yolowa m'nthaka mu Epulo siikhala ndi mizu yokwana kupirira chilimwe. Mwambo wobzala mitengo ukhoza kuchedwa podikira mlendo wolemekezeka. Papuloti panu bzalani mu Disembala kapena Januwale. Yochedwayo muyenera kuithirira mpaka mvula ina.

5. Mbande yaitali m'kachubu kakang'ono. Timakonda kusankha yaitali poganiza kuti tapindula. Imeneyo masamba ndi ambiri, mizu yochepa. Yofika m'bondo, ya tsinde lonenepa, imaiposa pakatha zaka ziwiri.

Madzi otsukira mbale ndi osamba mukhoza kuthirira. Okhala ndi mankhwala oyeretsera zovala, mchere kapena mafuta a galimoto ayi.

## Chizindikiro 3: Masamba achita chikasu

Apa chofunika n'kuona kuti ayamba ndi masamba ati.

- Akunsi, akale, tsamba lonse lachikasu: kawirikawiri ndi njala ya nayitirojeni, chifukwa dothi lachonde linapita ndi buludoza. Thirani kompositi kapena manyowa owola bwino pamwamba, mozungulira pamene nthambi zalekezera. Koma finyani dothi kaye: madzi odikha amabweretsa chikasu chofanana ndi chimenechi.
- Ansonga, atsopano, achikasu koma mitsempha yobiriwira: kayikirani simenti. Dothi la kuno mwachibadwa ndi la asidi, ndipo mitengo yathu inazolowera zimenezo. Pamene amisiri ankakandira matope a simenti, kutsukira wilibala, kapena kukwirira zibuma ndi pulasitala, dothi limasintha moti mizu imalephera kutenga ayironi. Kumbani pambali. Mukapeza zoyerayera ndi zidutswa za konkire, zichotseni ndi kubweretsa dothi lina. Feteleza sangathandize apa. Phulusa ndi laimu zingowonjezera vuto.
- Achikasu, omata, akuda ngati mwaye, nyerere zikukwera ndi kutsika: pansi pa masamba pali nsabwe kapena tizilombo tomata pa nthambi. Mandimu ndi magwafa ndiwo amavutika. Tsukani ndi madzi a sopo wochepa madzulo, mubwereze pakatha sabata.

## Chizindikiro 4: Sukufa, koma sukukulanso

Zaka zitatu zatha, mtengo ukadali m'chiuno. Vutoli limawawa kuposa kufa, chifukwa munthu umangodikira.

1. Nthaka inatsenderedwa. Tengani chitsulo cha ling'ibimu chotsala pomanga, chibayeni pansi dothi lili lonyowa, kuyambira patsinde kumka kunja. Chikamalowa bwino m'dzenje koma n'kukana mukangotuluka kunja kwake, mizu nayo ikukanika pomwepo. Gaulani ndi piki mozungulira, kuyambira m'mphepete mwa dzenje lakale mpaka mita imodzi kunja, sakanizani ndi kompositi, phimbirani. Chitani zimenezi mvula itangoyamba. Pamene pankadutsa galimoto ya njerwa ndi pamene ankaunjika miyala ndiye poipitsitsa.

2. Mizu inapotana m'chubu. Mbande ikakhalitsa ku nazale, mizu imazungulira mkati mwa chubu, ndipo imapitiriza kuzungulira ngakhale ili m'nthaka. Gwedezani thunthu: likamazungulira momasuka patatha zaka ziwiri, silinagwire. Kunena mosabisa, wotereyu ndi bwino kuzula n'kuyambanso. Pobzala wina, wongolani mizu ndi zala, yopindika kunsi muidule ndi mpeni wakuthwa.

3. Mtundu wosayenera malo. Nimu amakondwa ku Karonga, ku Salima ndi ku Chigwa cha Shire. Kuno kuzizira ndi chinyezi zimam'bweza m'mbuyo. Anthu akamva zoti "mitengo ya kotentha" amathamangira nimu, kuiwala kuti chimene chikutentha ndi puloti yawo, osati Mzuzu wonse. Mbawa, msikidzi, mtangatanga, katope, mapeyala ndi magwafa zimachita bwino.

4. Mbuzi zikudya nsonga. Nsonga zodukaduka ndi manyi a mbuzi pansi, umboni wakwana. Mangani katchinga ka nsungwi kapena ka njerwa zosanjika mosiya mipata, kotalika mita imodzi ndi theka. Njerwa zomata popanda mipata zimasunga kutentha.

5. Chibadwa chake. Msambamfumu ndi mlombwa sizifulumira. Mlombwa waung'ono umatha kuuma kumtunda chilimwe chilichonse kwa zaka zingapo, uku ukukulitsa muzu pansi, kenako n'kunyamuka. Musauzule.

## Chizindikiro 5: Dothi la chiswe pathunthu

Palani dothilo ndi kamtengo muone pansi pake. Khungwa likakhala lamoyo, chiswecho chikungodya makungwa akufa apamwamba, palibe chodetsa nkhawa kwenikweni. Chiswe chimakonda kumaliza mtengo wofooka kale, ndiye chimapezeka pamalo a ngozi n'kusenza mlandu wonse. Zoyambitsa zake, kuyambira yofala:

1. Mtengo unafooka ndi ludzu, madzi odikha kapena bala. Bwererani ku zizindikiro zam'mwambazi.
2. Zophimbira zagunda thunthu. Zikankhireni kunja.
3. Matabwa, mapepala a simenti ndi zitsa zinakwiriridwa pomanga. Fukulani.
4. Bulugamu wamng'ono. Ameneyu chiswe chimamudyadi mizu ali wathanzi, makamaka chaka choyamba.

Kupala dothi la chiswe kawirikawiri ndi kuthirira mokwanira kumathandiza. Oyilo wakuda wa galimoto musathire: amapha mizu ndipo amatsikira m'zitsime za anzanu. Mukafuna mankhwala, gulani m'sitolo yovomerezeka, m'botolo lake lolembedwa, osati otapa m'timabotolo ta pamsika.

## Chizindikiro 6: Bala patsinde, kapena mtengo wapendekeka

Bala la m'munsi nthawi zambiri ndi la chikwakwa kapena makina otchetchera udzu. Likazungulira thunthu lonse, mtengo wapita. Likakhala mbali imodzi, lisiyeni lipole lokha, musapake penti kapena matope. Ingolambulani udzu kuti wotchetcha asafikenso pafupi. Chachiwiri ndi waya kapena chingwe chomangira ku chikhomo chimene chinaiwalika mpaka kulowa m'khungwa. Mangirani ndi lamba wa chubu cha njinga, momasuka, ndipo muchotse chikhomo pakatha chaka, chifukwa mtengo umalimba pogwedezeka ndi mphepo. Chachitatu ndi moto wa zinyalala: dzala likhale kutali.

Mtengo waung'ono wopendekeka ndi mwera uwongoleni dothi lili lonyowa. Waukulu umene wapendekeka mwadzidzidzi pambuyo pa mvula, nthaka n'kutukumuka mbali inayo, musauyandikire. Onani gawo lomaliza.

## Chizindikiro 7: Mbawa yauma nsonga n'kuchita mphanda

Ndi mbozi yoboola nsonga. Thyolani nsonga youmayo, mupeza mphako ndi utuchi. Dulani pansi pa pobookapo, tenthani chodulacho, ndipo pa mphukira zotulukazo musiye imodzi yowongoka. Mbawa zobzalidwa zokhazokha pamtetete zimagwidwa kwambiri kuposa zosakaniza ndi mitengo ina. Ngati mukungofuna mthunzi, mphanda si vuto lalikulu.

## Chizindikiro 8: Masamba onse ayoyoka

Kandani khungwa musanatenge nkhwangwa. Jakaranda ndi mlombwa zimayoyola m'chilimwe. Nsangu umachita zosiyana: umavula masamba nthawi ya mvula, n'kuvala m'chilimwe.

## Chizindikiro 9: Mitengo yakula, koma m'nyumba mukutenthabe

Apa mtengo ulibe mlandu, vuto ndi pamene unaikidwa.

1. Yonse ili kumaso, kumsewu. Timabzala poti odutsa aone. Dzuwa lotenthetsa nyumba ndi la kumadzulo, kuyambira cha m'ma 2 koloko, limene limawomba khoma ndi mawindo mpaka kulowa. Imani pakhonde nthawi imeneyo mu Okutobala, muone khoma limene likupsa. Mtengo wamthunzi wotambalala upite kumeneko. Kum'mawa musatseke kwambiri: mu Juni mudzalifuna dzuwa la m'mawa, ndipo nyumba ya mumthunzi tsiku lonse kuno imachita nkhungu m'makoma.

2. Mwabzala yowongoka yokhayokha. Paini, bulugamu ndi mitengo yokongoletsera yopyapyala ija ili ndi ntchito yake, koma mthunzi wake ndi wochepa. Paini asiyireni a ku Chikangawa. Pabwalo pamafunika wa nthambi zotambasuka.

3. Bwalo lonse ndi konkire. Limasunga kutentha mpaka usiku, ndipo mvula yonse imathamangira kwa woyandikana naye wakumunsi. Siyani konkire podutsa galimoto ndi mapazi basi, kwina kapinga ndi zitsamba.

4. Munadula mitu. Kudula mtengo pakati kuti "ufupike" kumabala mphukira zambiri zosalimba zimene zimathyoka ndi mphepo. Sadzani nthambi zakunsi pang'onopang'ono, osapitirira gawo limodzi mwa magawo anayi a masamba pa chaka.

Amene simunayambe kumanga, mwayi ulipo: msuku, muula kapena mtengo uliwonse wachilengedwe umene mwaupeza papuloti, uzungulizeni mpanda mpaka pamene nthambi zalekezera amisiri asanafike, ndipo dothi lapamwamba liunjikidwe padera kuti lidzabwerere.

## Chizindikiro 10: Ming'alu, mapaipi otsekeka, dothi lokokoloka

Choyamba kukayikira ndi mtengo wa mizu yolusa umene uli pafupi: kachere, mkuyu, malaina, bulugamu. Ikuluikulu ngati imeneyi, pamodzi ndi mbawa, ikhale mamita 10 kapena kuposa kuchokera pa maziko ndi pa dzenje la sepitiki. Mango ndi mapeyala akhale mamita 6 mpaka 8. Papuloti yaing'ono, magwafa ndi mandimu akukwanirani. Dziwaninso kuti mizu siiboola paipi yabwino. Imalowa pamene pakudontha kale. Mukangodula mizu osakonza polumikizira, chaka chamawa ibweranso.

M'malo otsetsereka ngati ku Masasa, mizu ikamaonekera pamtunda ndiye kuti dothi likupita. Mtengo wokha sungagwire chigumula cha madzi a padenga. Tcherani madziwo m'thanki kapena m'ngalande, bzalani mizere ya vetiva mopingasa chitunda, kenako mitengo.

## Apa lekani, itanani odziwa

- Nthambi zagunda kapena zayandikira waya wa magetsi. Musakwere, musagwiritse ntchito nsungwi kapena makwerero. Dziwitsani a ESCOM. Nthambi yaiwisi imadutsa magetsi.
- Mtengo waukulu wapendekera nyumba, wang'ambika pamphanda, kapena wamera bowa patsinde. Chotsani ana ndi galimoto pansi pake. Pafunika odula odziwa kutsitsa nthambi ndi zingwe, osati mnyamata wa chikwanje.
- Mng'alu wa khoma ukukula. Lembani pomwe walekezera ndi pensulo ndi deti lake. Ukapitirira, itanani injiniya wa zomangamanga musanadule mtengo kapena mizu ikuluikulu, chifukwa kudula mizu ya mbali imodzi kukhoza kugwetsera mtengo padenga.
- Chitunda chang'ambika kapena chikutsetsereka pambuyo pa mvula yamphamvu. Tulukani m'nyumba, dziwitsani a khonsolo ya mzinda. Si nkhani ya mitengonso imeneyi.
- Mukufuna kukumba kapena kudula kunja kwa mpanda wanu. M'mphepete mwa msewu ndi malo a khonsolo, ndipo pansi pamadutsa mapaipi a Northern Region Water Board. Funsani kaye.
- Mitengo yambiri ya mtundu umodzi ikudwala nthawi imodzi m'dera lonse. Tengani nthambi yodwala ndi mizu yake m'thumba, pitani nazo ku ofesi ya zankhalango kapena kwa alangizi a zaulimi.
- Mwabzala kawiri pamalo amodzi, zonse n'kufa, mayeso am'mwambawa osaonetsa kanthu. Dothi likayezedwe. Funsani ku malo ofufuzira zaulimi a Lunyangwa za katengedwe kake, ndipo dothi lapamwamba ndi la pansi pa dzenje mulinyamule m'matumba osiyana.